Kaduwa, katsamba ndi kanambala: kuwerenga mariboni a mamendulo a agogo

Kwathu mamendulo a agogo ankakhala m'kachitini ka tiyi, pansi pa sutikesi ya agogo aakazi, pamodzi ndi khadi la ubatizo ndi chithunzi chimodzi chomwe nkhope zake zinali zitayamba kufufutika. Analipo anayi, nyenyezi ziwiri ndi ozungulira awiri, onse atapachikidwa pa kachitsulo kamodzi. Agogowo anali a Keyala, anakafika ku Burma, ndipo atabwerako nkhani za kunkhondo sankazikonda. Chaka china, Novembala atayandikira, msuweni wanga anaona kuti tinsalu ta mamendulowo tasuluka, tina tayamba kuyoyoka. Ndi mtima wabwino anatenga lezala n'kudula tonse, n'kusokererapo tatsopano towala bwino. Nsanzazo anakazitaya kudzala. Pa kansalu kamodzi panali kachitsulo kochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono, ndipo nako kanapita konko.

Mpaka lero nkhaniyi pabanja pathu siinathe. Amalume amati kanali katsamba. Azakhali amalumbira kuti kanali kaduwa. Mukawafunsa kuti kanali pa kansalu kati, onse amangoyang'anana. Ngati kanali katsamba, ndiye kuti dzina la agogo linatchulidwa m'kalata ya mkulu wa nkhondo yopita ku London chifukwa cha ntchito yomwe anaigwira. Ngati kanali kaduwa, nkhani yake ndi ina, ndipo kuti tiidziwe tikanayenera kuona nsalu yomwe kanakhalapo.

Anthu osonkhanitsa mamendulo akale amadziwa chinthu chomwe ife a m'nyumba timachiphonya: kachitsulo ka pa riboni sikawerengedwa pakokha. Kaduwa ka siliva komweko, kofanana ndendende, pa riboni ina kamanena kuti munthu anamenya nkhondo m'madera awiri, pa ina kamanena kuti anachita chamuna kawiri. Tsono musanafunse kuti kachitsuloka n'kachiyani, yambani mwafunsa kuti kakhala pa nsalu iti, ya dziko liti, ya nkhondo iti. Ndikamba kwambiri za mamendulo a Britain poti ndiwo ali m'nyumba zathu. Anyamata a ku Nyasaland ankalowa King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo ife timangoti Keyala, pomwe a kutsidya kwa Mchinji anali ndi Northern Rhodesia Regiment.

Sankhani m'mawa kukuwala bwino. Yalani nsalu yoyera patebulo pafupi ndi zenera, sambani m'manja n'kupukuta mpaka muume, chifukwa thukuta limadetsa mkuwa. Musanasunthe kalikonse jambulani ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo, monga mwazipezera. Ngati mulibe galasi lokulitsa zinthu, foni yomweyo ikukwanirani: jambulani pafupi, kenako mukulitse chithunzicho ndi zala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tizitsulo tina n'tating'ono moti katsamba kakapindika kamaoneka ngati kaduwa. Khalani ndi kope ndi pensulo. Bolopeni ikhale kutali ndi nsaluzo.

Mupeza zinthu za mitundu iwiri. Pali mendulo yeniyeni yolendewera pa riboni yake, yomwe inkavalidwa pa perete ndi pa miyambo ikuluikulu. Palinso kamzere ka tinsalu tokhatokha topanda mendulo, komwe msilikali ankasokerera pamwamba pa thumba lakumanzere la yunifolomu masiku wamba. Pa riboni ya mendulo yeniyeni pamakhala kachitsulo kopingasa kolembedwa mawu, monga dzina la dera kapena chaka. Pa kamzere kaja malo ndi ochepa, mawu sangakwanepo, ndiye m'malo mwake amaikapo kaduwa kapena kanambala. Kaduwa ndi nthumwi chabe ya kachitsulo kopingasa. Mukakapeza pa kamzere, funafunani m'chitinimo, mwina komwe kakuimirako kali momwemo.

Yambani ndi nsalu

Mariboni a nkhondo yachiwiri omwe amapezeka kwambiri kuno ndi asanu. Wa nyenyezi ya 1939-45 uli ndi mizere itatu yofanana kukula: buluu wakuda, wofiira ndi buluu wowala ngati thambo, kuimira asilikali a pamadzi, a pamtunda ndi a m'ndege. Wa Africa Star ndi wa mtundu wa mchenga, pakati mzere wofiira waukulu, mbali ina kamzere ka buluu wakuda, mbali inayo ka buluu wowala. Wa Burma Star pakati ndi wofiira, m'mbali buluu wakuda wodulidwa ndi kamzere ka olenji. Wa Defence Medal pakati ndi wa olenji ngati lawi la moto, m'mbali wobiriwira, muli timizere takuda. Wa War Medal uli ndi mitundu ya mbendera ya Britain, wofiira m'mphepete, kenako buluu, kenako woyera, ndi kamzere kofiira pakatikati. Mendulo yomalizayi ankapatsa aliyense amene anakwanitsa masiku 28 ali pa usilikali. Amavalidwa mwa ndondomeko yomwe ndawatchulirayi, woyamba kufupi ndi pakati pa chifuwa, ndipo ngati pali mendulo ya kulimba mtima, iyo imatsogola.

Dzuwa ndi zaka zimanamiza maso. Buluu wowala amasanduka wotuwa, olenji amayera. Suzumirani mkati mwa mpindiro momwe kuwala sikunafike, mtundu weniweni muupeza mmenemo.

Manambala ndi a Africa Star. Nyenyeziyi inkaperekedwa kwa amene anatumikira kumpoto kwa Africa, ku Abyssinia, Somaliland, Eritrea, Sudan ndi Malta, kuyambira pa 10 Juni 1940 mpaka pa 12 Meyi 1943. Ili ndi tizitsulo topingasa titatu. Kolembedwa kuti "8th Army" n'ka amene anali m'gulu la mkulu wa nkhondo Montgomery kuyambira pa 23 Okutobala 1942, tsiku lomwe nkhondo ya El Alamein inayambika, ndipo pa kamzere kamaimiridwa ndi nambala 8 ya siliva. Kolembedwa kuti "1st Army" n'ka gulu lomwe linatsikira ku Algeria mu Novembala 1942 n'kukamenya ku Tunisia, ndipo kanambala kake ndi 1. Kachitatu, "North Africa 1942-43", kanapita kwambiri kwa a pamadzi ndi a m'ndege, ndipo kamaimiridwa ndi kaduwa ka siliva. Lamulo linali lakuti munthu avale kamodzi kokha, komwe anayamba kukayenerera. Ndinamvapo pamaliro ena wowerenga mbiri ya malemu akunena kuti 8 wa pa riboniyo ndi adani asanu ndi atatu omwe malemuwo anawagwetsa. Anthu anagwedeza mitu, ine ndinangoti chete, pamaliro sipokonzerana zolakwa. Koma 8 ndi dzina la gulu basi.

Africa Star ya msilikali wa Keyala kawirikawiri imakhala yopanda kachitsulo kalikonse, ndipo izi zisakukhumudwitseni. Nkhondo yawo inali ya kum'mawa, yolimbana ndi Ataliyana: ku Moyale mu Julayi 1940, ku Tug Argan mu Ogasiti chaka chomwecho, komwe bataliyoni yachiwiri ya ku Nyasaland inali limodzi ndi a Northern Rhodesia Regiment, mpaka ku Gondar mu Novembala 1941. Zonsezi zinatha El Alamein isanayambe, ndipo boma la Britain silinapange kachitsulo ka nkhondo ya ku Abyssinia. Riboni yopanda kanthuyo ndiye yoona. Mukapeza 8 pa nyenyezi ya agogo, sindikuti ndi bodza, chifukwa Aafirika ambiri anakafika kuchipululu cha Egypt ndi Libya ngati madalaivala ndi antchito a usilikali, koma mapepala awo aziyenera kusonyeza kuti anali m'gulu lotero. Amene anapita ku Madagascar mu 1942 asadabwe kuti ulendo umenewo sunabale Africa Star. Unawerengedwa pa nyenyezi ya 1939-45.

Kaduwa kamodzi, nkhani zambiri

Akuluakulu a ku London sanafune kuti munthu mmodzi avale Burma Star ndi Pacific Star nthawi imodzi. Woyenerera zonse ziwiri ankalandira yomwe anayamba kuigwirira ntchito, n'kupatsidwa kachitsulo ka inayo. Choncho kaduwa ka siliva pa riboni ya Burma kakuimira kachitsulo kolembedwa "Pacific", ndipo pa riboni ya Pacific kakuimira "Burma". Ndi mmenenso zilili pakati pa Atlantic Star, Air Crew Europe Star ndi France and Germany Star. Italy Star ilibe kachitsulo n'kamodzi komwe. Mukaonapo kanthu, wina anangoikapo. Kaduwa kooneka ngati golide pa riboni ya 1939-45 n'ka a m'ndege omwe anamenya Battle of Britain mu 1940, anthu osakwana 3,000, ndipo n'chifukwa chake akathyali amakonda kukasokerera pa nyenyezi wamba kuti mtengo ukwere.

Asilikali athu ambiri a ku Burma anali mu 11th East Africa Division, ija ya chizindikiro cha mutu wa chipembere. Anafika ku Ceylon mu 1943, ndipo m'dzinja la 1944 anatsika chigwa cha Kabaw, m'matope ndi malungo, mpaka ku mtsinje wa Chindwin. Madera a Pacific Star sanali panjira yawo. Pa mamendulo anayi a agogo athu, kaduwa kakanatha kukhala pa mariboni awiri okha, wa 1939-45 ndi wa Burma, ndipo ponse pawiri sikakugwirizana ndi ulendo wawo. Ndiye pa mkangano wa kwathu ine ndimapendekera kwa amalume, ngakhale azakhali sindiwauza.

Pa mendulo ya kulimba mtima kaduwa kamasintha chilankhulo. Military Medal, yomwe inayamba mu 1916, riboni yake ndi ya buluu wakuda m'mbali, pakati timizere titatu toyera ndi tiwiri tofiira. Msilikali akaiyenerera kachiwiri sankapatsidwa mendulo ina. Ankalandira kachitsulo ka siliva kopingasa kojambulidwa masamba, ndipo pa kamzere ka mariboni ankaikapo kaduwa. Ndi chimodzimodzi pa Distinguished Conduct Medal, ya riboni yofiira kwambiri yokhala ndi buluu wakuda pakati. Keyala inalinso ndi mtundu wakewake wa mendulo imeneyi, wolembedwa dzina la gululo kumbuyo. Mukapeza kaduwa pa riboni zoterezi, tsekani chitini, mukhale pansi kaye. Muli ndi chinthu chosowa, ndipo dzina la mwini wake lili m'mphepete mwa mendulo.

Palinso kaduwa ka nkhondo yoyamba, yomwe agogo athu ankaitcha ya Chiwaya. Nyenyezi ya 1914 ndi ya 1914-15 zili ndi riboni yofanana, yofiira, yoyera ndi buluu, mitundu yolowererana. Kaduwa n'ka ya 1914 yokha, kwa amene anali pamoto ku France ndi Belgium pakati pa 5 Ogasiti ndi 22 Novembala 1914. Amene anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga mu Seputembala chaka chomwecho kaduwa aka sikawakhudza.

Katsamba ka mkuwa

Aka ndiye komwe mabanja ambiri amakataya osadziwa, chifukwa n'kodera, kosawala, ndipo kakachita dzimbiri kamaoneka ngati chitsotso chomwe chakakamira pansalu. Ndi tsamba la mtengo wa oak. Tanthauzo lake n'lakuti mkulu wa nkhondo, polemba lipoti lake kwa akuluakulu, anatchula dzina la msilikaliyo chifukwa cha kulimba mtima kapena ntchito yotamandika. Dzinalo linkasindikizidwa mu London Gazette, ndipo mwini wake ankalandira satifiketi. Panalibe mendulo yapadera, katsambako ndiye mphotho yonse yooneka ndi maso.

Yang'anitsitsani kapangidwe kake. Ka nkhondo yoyamba ndi kanthambi ka masamba angapo, ndipo malo ake ndi pa riboni ya Victory Medal, ija ya mitundu ya utawaleza. Kuyambira mu Ogasiti 1920 kanasanduka tsamba limodzi lokha. Ka nkhondo yachiwiri kamakhala pa War Medal, osati pa nyenyezi, ngakhale ntchitoyo inachitikira ku Burma kapena ku Abyssinia. Pa mendulo yeniyeni kamapendekeka, pa kamzere kamagona chopingasa. Munthu kaya anatchulidwa katatu pa nkhondo imodzi, katsamba n'kamodzi. Ka siliva n'katsopano, kanayamba mu 1993, choncho sikangakhale ka msilikali wa 1944. Masamba a siliva pa riboni ya Defence Medal ndi chinthu chinanso, chiyamikiro cha mfumu kwa anthu wamba omwe anachita zolimba mtima.

Kunena zoona, madala ambiri ankasokerera tizitsuloti pomwe afuna. Wina ankaika katsamba pa Burma Star chifukwa n'komwe anavutikira, wina telala wa pamsika ndiye anamusankhira malo. Katsamba kokhala pa riboni yolakwika si umboni wa chinyengo. Musakasunthe. Lembani m'kope momwe mwakapezera, mukafufuze dzinalo.

Tizitsulo tolembedwa mayina a malo

Mamendulo ena nkhani yawo yonse ili pa tizitsulo topingasa, ndipo tomweti sitisokereredwa pansalu ngati ta nyenyezi za nkhondo yachiwiri, koma timakhomeredwa pa chogwirira cha mendulo ndi timisomali. Timawerengedwa kuchokera pansi: koyandikana ndi mendulo n'koyamba kulandiridwa. Pa kamzere ka mariboni sitiimiridwa ndi kanthu, moti munthu wa tizitsulo titatu ndi wa kamodzi amaoneka chimodzimodzi.

General Service Medal, ya riboni ya pepo yokhala ndi mzere wobiriwira pakati, ikakhala ndi kachitsulo kolembedwa "Malaya" ndi ya anyamata omwe anakasaka zigawenga m'nkhalango za kumeneko. Bataliyoni yoyamba ya Keyala inafikako mu 1952, yachiwiri n'kudzailowa m'malo, kenako a Northern Rhodesia Regiment. Africa General Service Medal, ya riboni yachikasu, yakuda m'mphepete, yokhala ndi timizere tiwiri tobiriwira, inayamba mu 1902 ndipo tizitsulo take n'tambiri. Pali "B.C.A. 1899-1900", ka nthawi yomwe dziko lino linkatchedwa British Central Africa. Pali "Somaliland 1902-04". Komaliza n'kolembedwa "Kenya", ka nkhondo ya Mau Mau.

Ndiye pali kena komwe kamatonthoza nyumba yonse mukakawerenga mokweza: "Nyasaland 1915". Aka kanaperekedwa kwa amene anathandiza boma la atsamunda kuzimitsa kuukira kwa John Chilembwe, komwe kunayamba pa 23 Januwale 1915. Munthu amene nkhope yake ili pa ndalama zathu, amene timamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse, agogo anu anali mbali inayo. Ena akazindikira izi amafuna kubisa mendulo kapena kuchotsako kachitsuloko. Ine ndikuti ayi. Msilikali wa nthawi imeneyo ankapita komwe watumidwa, ndipo kachitsulo kameneka ndi umboni wa mbiri ya dziko lino womwe uli m'manja mwa anthu ochepa kwambiri. Kukachotsa sikusintha zomwe zinachitika ku Mbombwe, kwa Chilembwe.

Mukatha tizitsulo, tembenuzani mendulo muone m'mphepete mwake. Mamendulo a nkhondo yoyamba, a Malaya, a Africa General Service ndi a kulimba mtima amakhala ndi nambala, udindo, dzina ndi gulu la mwini wake. Pa nyenyezi za 1914 ndi 1914-15 zolembazo zili kumbuyo. Dzina lingakhale lolembedwa mokhota, monga analimvera kalaliki wachizungu, ndipo nthawi zambiri ndi limodzi lokha lopanda la bambo. Gwirani nambala, ndiyo sinama. Tsoka lake n'lakuti nyenyezi ndi mamendulo a nkhondo yachiwiri Britain inawapereka opanda dzina. South Africa, India ndi Australia analemba mayina pa awo, koma a Keyala ambiri ali mbee. Pa mamendulo oterewa, chomwe chimalumikiza chitsulo ndi munthu ndi riboni yakaleyo, ulusi wake, tizitsulo take ndi mapepala omwe zinagona nawo m'chitini chimodzi.

Zochokera kwina

Pa kaunjika nthawi zina mumagwa jekete la usilikali wa ku America lili ndi kamzere kake. Musawerenge ndi malamulo a Britain. Kwa iwo kanthambi ka oak ka mkuwa kamatanthauza kuti mendulo yomweyo yaperekedwanso, ndipo ka siliva kamaimira ta mkuwa tisanu. Kanyenyezi ka mkuwa pa riboni ya nkhondo ndi gawo limodzi la nkhondoyo, ka siliva ndi magawo asanu. Kamutu ka muvi n'ka amene anatsikira pa adani ndi parachuti kapena kuchokera panyanja, ndipo chilembo V chimanena za kulimba mtima pamoto. Pa Croix de guerre ya ku France kanyenyezi ndi kanthambi ka kanjedza zimasonyeza kukula kwa mkulu amene anayamikira msilikaliyo, kanjedza ndiye wapamwamba. Asilikali athu omwe akuchokera ku DRC amabwera ndi riboni ya United Nations, ndipo pamenepo kanambala kamawerengadi maulendo: 2 ndiye kuti anapitako kawiri. N'kutheka kuti wowerenga mbiri pamaliro paja anasokonezedwa ndi zimenezi.

Kenikeni kapena koikirira

Tiduwa, timasamba ndi timanambala timagulitsidwa mpaka lero m'masitolo a zovala za usilikali, pa mtengo wochepa. Aliyense angathe kugula katsamba n'kusokerera pa War Medal yopanda dzina. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndiye amene mukufuna kugula kapena kusinthana ndi anzanu, kuwala kusakutengeni mtima.

Tukulani m'mphepete mwa kachitsuloko pang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano. Ngati kakhalapo zaka makumi asanu ndi atatu, nsalu ya pansi pake imakhala yowala kuposa ina yonse, chithunzi cha kachitsuloko chitadindika ngati pomwe panali kalendala pakhoma. Mkuwa wakale umasiyanso kadontho kobiriwira pansalu. Onani ulusi: wakale umakhala wofooka, wosuluka mofanana ndi riboni, pomwe watsopano umanyezimira. Tina timagwira ndi timiyendo tiwiri topindidwira kumbuyo. Ngati pali mabowo ena apambali, kanasunthidwapo. Pa tizitsulo tokhomera, timisomali tizifanana mbali zonse, ndipo waya kapena mtovu wowotcherera ndi chizindikiro choti wina anagwirapo, ngakhale nthawi zina ndi mwini wake yemwe, kachitsulo katamupeza mochedwa. Ngati muli ndi mnzanu wa pashopu yemwe ali ndi kanyale kaja koyezera ndalama zachinyengo, mubwerekeni. Nsalu ndi ulusi wamakono nthawi zambiri zimawala mbuu pansi pa nyale imeneyo, pomwe silika ndi thonje lakale zimangokhala zii. Riboni yatsopano payokha si mlandu, madala ankasintha pokonzekera perete. Imangotanthauza kuti mboni imodzi yachoka.

Mboni yaikulu ndi pepala. Kabuku komwe msilikali ankapatsidwa potuluka usilikali kamakhala ndi nambala yake, gulu lake, zaka ndi mamendulo omwe anayenerera. Satifiketi ya katsamba, chithunzi atavala yunifolomu, ngakhale kalata ya penshoni, zonsezi zisasiyane ndi mamendulo. London Gazette ili pa intaneti ndipo kufufuzamo n'kwaulere; yesani nambala, kenako dzina m'malembedwe angapo. Ku National Archives ya ku Kew kuli makadi a mamendulo a nkhondo yoyamba ndi makalata ambiri omwe akuluakulu ankalemba popempha kuti msilikali apatsidwe mendulo ya kulimba mtima. Kuno kwathu yambirani ku Zomba, komwe kuli nyumba yosungira mbiri ya dziko, Cobbe Barracks ndi chipilala cha Keyala, ndipo bungwe la asilikali akale lingakulozereni njira.

Kasungidwe

Apa sindichulutsa mawu chifukwa langizo lenileni ndi limodzi: musatsuke. Phulusa, mandimu, mchenga, sitiliwulu ndi polishi wa zitsulo zimadya nkhope ya mfumu ndi zilembo za m'mphepete, ndipo zomwe zadyeka sizibwerera. Kudera kwa mendulo yakale si litsiro. Fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa kouma. Riboni isaone madzi, sopo kapena simbi. Ikakhala kuti yatheratu ndipo mukufuna kuvala mamendulowo, gulani ina, koma yakaleyo, ndi kachitsulo kake kali pomwepo, muiike mu envelopu n'kulembapo kuti inali ya mendulo iti.

Kulungani mendulo iliyonse payokha m'kansalu koyera ka thonje kuti zisakhulane. Nyuzipepala, mphira womangira ndalama ndi mapepala apulasitiki ofewa zimadetsa chitsulo pakapita nthawi. Chitini chikhale pouma, pamwamba, kutali ndi khoma lomwe limanyowa m'dzinja, ndipo muzichitsegula kamodzi kapena kawiri pachaka kuona ngati njenjete ndi mphemvu sizinalowemo. Mukafuna kupachika pakhoma m'felemu, sankhani khoma lomwe dzuwa silifikapo, ndipo musamate ndi guluu.

Chomwe chimawononga mamendulo ambiri kuposa njenjete ndi tsiku logawana katundu wa malemu. Ana anayi, mamendulo anayi, aliyense yake, kabuku n'kupita kwa wachisanu. Zikatero palibe amene watenga kanthu, chifukwa nyenyezi yopanda dzina ikakhala yokha ndi imodzi mwa zikwi mazanamazana zomwe zinapangidwa. Gwirizanani kuti zonse zikhale kwa munthu mmodzi, enawo atenge zithunzi. Oyendayenda ogula zinthu zakale akakuuzani kuti m'nyenyezimo muli golide, kapena akafuna kugula imodzi yokha yomwe aisankha, dziwani kuti nyenyezi za nkhondo yachiwiri ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, ndipo amene akusankhayo waona chomwe inu simunachione. Musagulitse tsiku lomwelo.

Pa mwambo wokumbukira asilikali, Lamulungu lachiwiri la Novembala, mwana kapena mdzukulu angathe kuvala mamendulo a malemu, koma kudzanja lamanja. Kumanzere n'kwa mwini wake yekha. Muwavale monga analili, osawonjezerapo kanthu. Ife a kwathu War Medal ya agogo timaivala yopanda katsamba, chifukwa dzina lawo sitinalipezebe pa pepala lililonse. Ngati m'chitini mwanu muli kachitsulo komwe kanagwa kale, kali pansi pakona, musakasokerere pomwe mukuganiza. Kaikeni mu envelopu, ndipo sabata ino mupite nako kwa wamkulu amene watsala pabanja panu, mukamufunse kuti ankakaona pa kansalu kati.